Esikudu ya Zuze Yabwerera

Amayi, mukugona bwanji kumene muliko?

Kuno chimanga sichinafike ndi pakati pa nkhokwe pomwe, poti tinkapalira khutu lili kuthengo kuopa anthu amfuti. Rozina, mkazi wa mlongo wanga Zuze, anabereka mwana wamkazi. Tinamutcha dzina lanu, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija.

Ndikungozungulira, Amayi. Mukuikumbukira ndalama yachitsulo ija, esikudu ya nthawi ya Apwitikizi, imene munaisokera m'kansalu pa kolona ya Zuze? Munailandira mukugulitsa nthochi ku Mualadzi. Chidindo chake chinatsetserekera mbali imodzi, m'mphepete n'kutsala kamalo kopanda zilembo. Ine ndinaseka kuti galimoto inaiponda. Inu munagwira chala changa, n'kuchiyendetsa pamenepo. "Tamva, Maliya. Bala limakanda chala. Chilema chobadwa nacho chimasalala see. Iyi inachoka kwa oipanga ili chonchi, ndipo inzake sudzaipeza."

Patatha miyezi itatu titakuikani, anthu amfuti anamutenga Zuze kuti akawasenzere katundu. Sindinakuuzeni, ndinkati abwera. Lachiwiri lapitali kunafika akatekisita a ku Nsadzo panjinga. Kwawoko anaika m'manda anthu anayi amene anawapeza m'mbali mwa msewu, nkhope zosazindikirika. Mmodzi anali ndi kolona yoduka ndi kandalama m'kansalu, ndiye akuyenda nako mudzi ndi mudzi kufunsa abale.

Ndinapita nayo ndalamayo kuseri kwa nyumba. Yada, yakalikakalika, pakati yapindika. Ndinapemphera kuti kamalo kaja kakhale kophwanyidwa ndi mwala, kandikande chala, mwiniwake akhale mwana wa mayi wina. Mulungu andikhululukire, ndinapempheradi zimenezo. Mokalikamo munandikanda ndithu. Koma m'mphepete muja, Amayi, munali see. Ndinayendetsa chala katatu.

Mukanapanda kundiphunzitsa, bwenzi lero ndikusuzumirabe kumsewu. Tsiku limenelo ndinakukwiyirani, ndipo mtima ukundiwawa mpaka pano.

Rozina sakudziwa. Akatekisita anafika iye ali kudimba. Dzulo wachapanso malaya a mwamuna wake, akuti asawapeze akununkha nkhungu. Ndikulonjeza kuti Lamulungu tikaweruka ku Misa ndimuuza ndekha, asamvere kwa anthu. Esikuduyo ndiisokera m'kansalu katsopano, idzakhala ya mwana.

Inu kumeneko mumufunefune Zuze. Anamutenga m'mawa, asanadye.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Maliya