Msana wa M'chipinda Changa

Tacoma
18 Novembala 2021

Okondedwa achemwali anga Marivic,

Ndikhulupirira muli bwino ku Stockton kumeneko pamodzi ndi ana. Munandiuza kuti alamu a Rodel akadali ku Alaska pa sitima ya nsomba, ndipo abwera pa Khirisimasi. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni mumandigwira msanga, pamene nkhani iyi ndikufuna muiwerenge mutakhala pansi.

Ndidakali kwa Dokotala Halvorsen, owongola misana aja. Pachitseko pali dzina lawo lokha, choncho odwala atsopano sadziwa kuti wobaya singano zoonda zija, zimene timazisiya m'thupi kanthawi kuti zichotse ululu, ndi ndani. Adokotala akamaliza kumukankha munthu mafupa mpaka kulira, amamulowetsa m'chipinda changa kuti avule malaya, agone chafufumimba, nkhope m'chibowo cha bedi. Ine ndikalowa ndimapeza msana basi. Munthu akakhala kuti sakukuona, pakamwa pamamasuka, moti zinsinsi ndamva zambiri kuposa wansembe. Koma lamulo lake ndi lolimba: ukatchula dzina la wodwala kunja, chiphaso cha ntchito amakulanda.

Lachiwiri adokotala anandiimitsa pakhonde. "Divina, mkatimo muli bambo wouma m'chiuno ngati thabwa. Ine ndalephera, kayese iwe."

Pabenchi panali mtsikana woyembekezera, wotopa ndithu. Anandimwetulira. "Ndi amuna anga amenewo. Muwabaye zenizeni, amadzitama kuti saopa kanthu."

Anthu anali ambiri tsiku limenelo, pepala la wodwalayo sindinaliyang'ane n'komwe. Ndinalowa chophimba kukamwa chili kumaso, ndinapereka moni mwachidule, n'kuyamba kubaya m'chiuno. Mapewa ake anali ofunda thaulo. Singano zitalowa, bambo uja anayamba kucheza ndi pansi.

"Mwamuona mkazi wanga panjapo? Wamwamuna ameneyo akubwera. Mwana wanga woyamba, mayi."

Mawuwo anandikanda pamtima, koma ndinati anthu amafanana. Kenako ndinachotsa thaulo kuti ndibaye m'mapewa. Pansi pa phewa lamanzere panali chipsera chopindika, chonga cha munthu amene anagwa pamakwerero akukonza denga n'kudzicheka ndi lata. Bala lotero ndinalitsukapo ndi manja angawa, wina atandigwirira beseni uku akulira.

Ndinaima singano ili m'manja. Ndinavula chophimba chija.

"Ku Alaska kukuzizira bwanji chaka chino?" ndinafunsa.

Msana wonse unakungika, singano zonse n'kugwedera.

"Divina?" anatero, akufuna kudzuka.

"Gonani pomwepo, singano zingakuthyokereni m'thupi."

Sizithyoka wamba, koma iye sadziwa. Anagona. Ndinkaganiza kuti apepesa, kapena aname kuti mtsikanayo ndi mlongo wake. Ayi ndithu. Anayankhula nkhope ili m'chibowo momwemo, mawu ali zii.

"Ine pano ndine wodwala wako. Ukangotsegula pakamwa, ndikakusumira, ndipo singano sudzazigwiranso."

Chimene chinandiumitsa kwambiri ndi chimenechi, kuti lamulolo amalidziwa bwino chonchi. Ndinatuluka, n'kukaima m'bafa madzi akungotayika pampopi. Nthawi itakwana ndinabwerera, ndinazula singano zonse bwinobwino, ndinamupukuta monga ndimachitira ndi wina aliyense. Potuluka mtsikana uja anandigwira dzanja. "Zikomo mayi, akuyenda mowongoka tsopano." Sadziwa kanthu, ndipo kumuda ndalephera.

Kuyambira tsikulo chakudya sichikulowa. Inu mukudziwa mmene ndinachivutikira chiphaso chimenechi, ndipo ndinu amene munkandisungira mwana ndikapita kusukulu. Ndikuchita mantha, sindikubisirani. Dokotala Halvorsen anandifunsa ngati ndikudwala, ndinangoti ndi mutu.

Dzina la wodwalayo sindinalembe, ndipo musandifunse. Ndangokufotokozerani za tsiku langa la ntchito, monga mng'ono amachitira ndi mkulu wake.

Mupereke moni kwa Jomar ndi Tess, muwauze kuti mayi awo aang'ono awasowa. Chipinda cha alendo ndasesa, mabulangete ndachapa, mukafuna kubwera ndi ana musachite kufunsa. Juzi yobiriwira ija munalukira alamu usiku ndi usana, mukuti ku Alaska kumazizira, musade nayo nkhawa ngati inafika. Inafika, ndipo ikukwana bwino. Lachiwiri inali pamsomali kuseri kwa chitseko cha chipinda changa cha kuntchito.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Divina