Mpesa wa a Zammit

Sunshine, Melbourne
Mwezi wa Julaye

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko ku Vava'u? Bondo lija likukulolani kupita kutchalitchi? Ine thupi lili bwino koma mtima ayi, ndipo musayambe zondiuza kuti ndikhululuke musanamalize kuwerenga.

Kuno kwazizira, m'mawa udzu umachita kuyera ndi chisanu. Kadimba kaja, kamene ndinadikira zaka kuti a komiti andigawire, ndimakhalako Loweruka lililonse. Ndabzala adyo ndi nsawawa, koko ndamufunditsa udzu wouma, ndipo ndinali nditasankha kale podzaika matimati kukafunda.

Oyandikana nawo m'dimbamo ndi a Zammit, bambo wachikulire wochokera ku Malta. Pampanda wapakati pathu panali mpesa umene anabzala malemu akazi awo. Nyengo ino mpesa umayoyola masamba onse n'kutsala ngati chikuni, koma uli moyo. Ngakhale mwana kuno amadziwa zimenezo.

Ndiye pali alendo athu obwerera ubatizo aja, azakhali a Seini. Ndinapatsa mwana wanu Kelepi kiyi wa kudimbako kuti akathire manyowa. Manyowa basi. Iye anatengana ndi azakhaliwo. Ataona mpesa, akuti anagwira pakamwa, ati ine mwana wa mlongo wawo ndikuwachititsa manyazi posunga mtengo wouma pamaso pa anthu. Analamula kuti udulidwe ukawotchere nkhumba ya ubatizo. Kelepi, zaka zonse wakhala kunozi, anadula. Nditamufunsa anati mlongo wa atate satsutsidwa. Ndinamuuza kuti mutu wakewo ntchito yake n'kusunga chipewa. Nkhumbayo ndinadya nawo, Amayi, osadziwa!

A Zammit sanakalipe. Anangokhala pa ndowa n'kumayang'ana chitsa. Bola akanandilalatira. Mwana wawo ndiye wakadandaula kukomiti, ndipo komiti ikumana kumapeto kwa mwezi kuti ione ngati indilande malowo. Azakhali nditawauza anaseka, ati mtengo si munthu, n'kuwonjezera kuti koko akaphuka ndidzawasungire masamba. Paja amati mlendo ndi mame. Awa ndi chisanu.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti atate sangadzudzule mlongo wawo, inunso simungayerekeze. Koma azakhali aakulu a Mafi angathe. Pitani mukawachonderere aimbire foni mng'ono wawoyu, apite nane kwa a Zammit akapepese ndi pakamwa pawo, komiti isanakumane. Asatumize mkeka kapena mwendo wa nkhumba ngati kwathu. Apite okha, aone nkhope ya bamboyo.

Nthambi zimene zinatsala pansi ndinatola, ndazidula tizidutswa n'kuzika m'zitini za mchenga kuseri kwa nyumba. Anandionetsa kadulidwe kake ndi a Zammit omwewo, osandiyang'ana kumaso. Akuti tidzadziwa mu Seputembala.

Mundiperekere moni kwa atate, amalume ndi ang'ono anga onse. Kelepi akuti moninso, ndalemba chifukwa ndi wanu. Ine ndidzamuyankhula tsiku limene tsamba loyamba lidzatuluke m'zitinimo. Likapanda kutuluka, dziwani kuti muli ndi ana awiri ku Melbourne amene sadziwana.

Ndine mwana wanu,
Losaline