Andikhazika Pamanda ku Lincoln

Braunstone, Leicester

Alongo anga a Yotamu,

Kingstone, mwana ndinabala ndekha uja, wandipondetsa manda, ndipo akufuna kuti nanenso ndidzagone kumene akufa amapondedwa. Pepani ndayamba ndi zimenezi, zandikhala pakhosi. Muli bwanji ndi alamu? Mwendo uja unaleka kutupa? Kuno thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Akundilembera ndi mayi Sheila a kutchalitchi kwathu, ndipo ndawauza kuti asathire shuga pa mawu anga.

Loweruka lapitali Kingstone sanapite kuntchito. Anati zaka zonsezi ndangokhala m'nyumba kulera ana ake, bwanji ndikaoneko dziko. Tinakwera galimoto, iye, mkazi wake Virginia ndi ana, ulendo wa ku Lincoln, mzinda wakalekale. Chitunda chake ngati cha ku Nkhoma, msewu wa miyala yoterera, nyumba zopendama zoti kwathu tikanagwetsa kale, koma iwo ali kalikiliki kuzijambula. Ndinakwera osagwira munthu mkono.

Pamwamba pali chitchalitchi chofika kumitambo. Ndisaname, ndinachita nacho chidwi. M'kati mwake pansi ponse, pa miyala yopondapo, pali zilembo. Ine sukulu sindinaipondeko, mukudziwa, bambo anatumiza inu, ine ndikuingitsa mbalame m'mapira. Ndinayesa ndi mavesi. Ndinati anthu awa amaopa Mulungu, Mawu alemba mpaka pansi. Ndinasankha mwala waukulu, ndinagwada, ndinakupemphererani nonse mmodzimmodzi. Nditatha ndinakhala pomwepo kuwongola miyendo, ana akudumphadumpha pambali panga.

Virginia anabwera akuseka, akuti amayi mwakhalira munthu. Anandiwerengera: mayi wina ali pansi pomwepo pamodzi ndi ana ake. Dzina lake theka linafufutika ndi nsapato. Ndinayang'ana uku ndi uku, poponda popanda mtembo panalibe. Anthu akuyenda pamwamba pawo zikwama zili kumsana, ena akutafuna chingamu, ena akuloza ndi chala. Akufa ena anawasema pamwala, ali gone chagada, manja pachifuwa, ndipo mtsikana wina anaima pamutu pa mmodzi, milomo atasongola, akudzijambula.

Kwathu mwana kumanda sapitako, ngakhale wamkulu salowa osapempha. Ine, ndi imvi zangazi, ndakhazikapo matako.

Titatuluka, iwo ulendo wa ku tiyi pafupi pomwepo. Ndinapempha madzi kuti tisambe m'manja monga anthu ochokera kumanda. Virginia anandipatsa kapepala konyowa konunkhira mandimu. Pamenepo n'kuti ana atayamba kale kunyambita zala. Ndinakankha mbale, ndinati anthu oponda akufa awo sindingadye chakudya chawo.

Ndipo Kingstone anayankha, keke ili m'kamwa: "Mami, muzolowere. Tonse tidzagona konkuno. Malo anu tinakaona kale ku Leicester, ali pafupi ndi basi."

Pafupi ndi basi, alongo. Ngati ndidzakhala ndi kokwera.

Akuti kutumiza maliro kumudzi ndi chintchito, mapepala ambirimbiri, ndiye bola kuno, ana azidzabwera ndi maluwa. Ana ake omwewa, oti ndikawayankhula Chichewa amandibwezera Chingerezi. Virginia anawonjezera kuti ena amangowotcha, phulusa n'kuika m'kabotolo pashelefu, akuti n'zaukhondo. Ndinamufunsa ngati amayi ake anawauza kale zaukhondozo.

Ine kufa sindiopa. Ndinaika mwamuna, ndinaika ana awiri, ndipo ndikudziwa pamene aliyense anagona popanda chilembo chondiuza. Chimene ndikukana ndi kugona pakati pa alendo, m'dothi lozizira, kopanda adzukulu ondikumbira, kopanda mmodzi wodziwa kuti ndine mwana wa yani. Mayi ndinamukhalira uja nayenso anali ndi abale omulira, taonani lero.

Pasipoti yanga ili m'chikwama cha Kingstone. Ndikaifunsa amati ndiitaya. Ndikakalipa amangoseka, akuti ndine wachikale, kenako wavala jekete, wapita kushifiti. Ine ndine mayi chabe, anandizolowera. Koma inu ndinu malume ake, mwini mbumba. Mawu anu sangawaseke.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Esinati ndi ake onse, ndi kwa amayi a Chigwirizano. Za mwala uja musawauze. Mulungu akusungeni.

Tsono Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi, mupite kwa Esinati akuimbireni foni yoonana nkhope ija, kuti Kingstone akuyang'aneni m'maso. Musayambe ndi za mbewu kapena za mbuzi, ndikukudziwani. Mumuuze andipatse pasipoti m'manja mwanga, andikweze ndege mvula isanagwe. Ndikufuna ndifike pa Nathenje ndi miyendo yanga, ndikusonyezeni ndekha malo pambali pa amayi. Mukazengereza, a Yotamu, mlongo wanu mudzamulandira m'kabotolo.

Ndine mlongo wanu,
Nachisale