Botolo la Maheu Pansi pa Bedi

Kabwata, Lusaka
14 Ogasiti 2024

Okondedwa asisi ba Rhodah,

Kalatayi muwerenge muli nokha. Sindinaimbe foni chifukwa ndikudziwa kuti ikangolira amayi amakhala pambali panu kumvetsera. Ndapatsira kondakitala wa basi ya ku Katete kuti akupatseni pamanja.

Mwana wanga Jason ali m'chipatala chachikulu. Sakumeza chilichonse, ngakhale malovu.

Mukudziwa kuti atake Jason, ba Amos, amagwira ntchito kufakitale ya matishu. Kumeneko amagula mapepala akale a m'maofesi, n'kuwaponya m'thanki yamadzi yomwe imatakasa mpaka asanduke phala. Kenaka amathiramo mankhwala otchedwa kositiki kuti pepala lifewe, inki ichoke. Ankandifotokozera monyada kuti inkiyo imayandama ndi thovu lakuda, phala loyera n'kulowa m'makina otentha, kutulukira uko ili tishu. Ine ndinkaseka, ndinkati mumaphika phala losadya munthu.

Paipi ya kubafa lomwe timasamba ndi anzathu a palendi inatsekeka. Ba Amos anati kositiki amasungunula tsitsi ndi mafuta onse, ndiye anatungako pang'ono kuntchito osapempha. Anathira m'botolo la maheu, poti mlonda wa pageti satsegula chakumwa cha munthu. Atafika analiika pansi pa bedi, ati akonza Loweruka. Anandiuza, asisi, sindinganame. Ndinati ndilikweza pamwamba pa kabati ndikamaliza kuchapa.

Ndili mkati moyanika zovala ndinamva kulira komwe sindinamvepo. Ndinampeza Jason atakhala pansi, botolo lili pamiyendo, milomo itayera ngati wapsa ndi madzi otentha. Amake Pearl a khomo linalo anabwera akuthamanga, ati, "Amake Jason, musanzitseni manje manje, poizoni isafike kumala, m'mimbamo." Inenso ndi zomwe ndinkadziwa. Mukukumbukira mlongo wathu Cliff atatafuna mbewu ya chimanga yopaka mankhwala, amayi anamupisa chala kukhosi, n'kupulumuka? Ankatiuza kuti mwana akadya choipa, chitulutseni. Ndinamupisa chala. Anasanza kawiri, kachiwiriko ndi magazi.

Kuchipatala dokotala anafunsa ngati anasanza yekha. Ndinati ndine ndamusanzitsa, ndikuganiza kuti andiyamika. Sanandikalipire. Anangoti mankhwala amenewa amatentha polowa, ndipo akamabwerera amatenthanso njira yomweyo, bola ndikanangomutsuka m'kamwa n'kuthamanga naye. Ba Amos anafika ali chivalire ovolosi. Atamva zimenezi anakhala pasimenti, ati, "Kuntchito zinalembedwa pakhoma kuti osasanzitsa. Sindinakuuze, Febby." Kuyambira pamenepo timalephera kuyang'anana. Alongo awo, ba Bernadette, anandifunsa mu wodi pamaso pa anthu kuti, "Mulamu, mwana mmodzi chabe wakukangani kusunga?" Ndinangowerama. Ndikanena mmene botolo linabwerera, zikamveka kufakitale, ntchito yatha, ndiye mwanayu tidzamusamala ndi chiyani?

Akuti njira yodutsa chakudya ikupola, koma ikupola mofinyika. Lachinayi la sabata yamawa amuboola pamimba aikepo kapaipi kodyera. Ndinafunsa kuti adzadyanso ndi pakamwa liti, dokotala anati tiona. Mwana wa bedi loyandikana nafe akamadya banzi, Jason amandikoka chitenje n'kuloza, ndiye ndimamubereka kupita naye pakhonde mpaka winayo amalize. Inenso ndimadyera kuseri ngati wakuba.

Bwerani, asisi, lisanafike Lachinayi. Ndikuopa kudzakhala ndekha pabenchi akamulowetsa ku opaleshoni. Musavutike kunyamula kanthu, ingobwerani.

Amayi muwauze kuti ndi zilonda zapakhosi. Za chala zija asamve, mtima wawo mukuudziwa, angadziimbe mlandu pa chinthu chomwe anatiphunzitsa pofuna kutisunga. Koma ana anu ndi a Cliff amatsala nawo pakhomo. Mupeze njira yowauzira kuti mwana akamwa mankhwala otentha asamusanzitse. Munene ngati munamva pawailesi.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwapatse moni wa mdzukulu wawo. Akafunsa ngati akudya bwino, muwayankhe inuyo, ine sindingathe.

Ndine mng'ono wanu,
Febby