Apongozi Anatcha Mwana Dzina Asanaone Gawo 13

Lolemba, 14 Julayi 2025

Makalata amene afika sabata ino: 47
A mabanja: 9
A malire a minda: 4
A mbuzi za anansi: 3
A sewero la pakanema la ana a sekondale oimba: 31

Mwa 31 amenewa:
Okwiya ndi gawo 13: 17
Atsogoleri a makwaya odandaula kuti oimba awo ayamba kudumpha pakati pa nyimbo: 5
Makolo ofunsa kumene kuli sukuluyo kuti akalembetseko ana: 4
Amayi ofuna keyala ya mphunzitsi wa nyimbo wa m'seweromo: 3
Bambo wofunsa ngati anawo amalemba mayeso n'komwe: 1
Kalata ili m'munsiyi: 1

Ndawerenga kawiri, ndipo zikugwirizana. Kwa amene simunalione, ili ndi sewero loseketsa lochokera kunja, la magawo 26, la ana a sukulu amene amayambana, kukondana ndi kupepesana poimba. Ndasankha kalata yomalizayo chifukwa ndi yokhayo imene ili ndi tsiku loti ikachedwa zinthu ziwonongeka.

Agogo,

Ndine mayi wa zaka 24, ndimakhala kufupi ndi Chiringa, ndipo mwana wanga woyamba ali ndi miyezi itatu. Vuto langa ndi dzina lake. Musaseke chonde.

Titakwatirana ndi a Laston, iwo anabwera kudzakhala kwathu monga mwa mwambo. Amayi awo, apongozi anga a Fyness, sanakondwere nane. Ankauza anthu kuti khasu ndimaligwira ngati cholembera. Chaka chathunthu sitinalankhulane zopitirira moni. Kenaka a Laston anagulitsa nandolo n'kugula sola, batire ndi kanema wamng'ono. Mng'ono wanga Aliness, amene amagwira ntchito ku Limbe, anatitumizira kakhadi kokhala ndi magawo khumi ndi awiri oyamba a sewero la ana oimba lija, lomasuliridwa m'Chichewa.

Loweruka lina apongozi anabwera kudzaona mwana wawo, anatipeza tikuonera. Anaima pakhomo njinga ili m'manja, amvekere: "Ana osapesa awa akukuwa chiyani?" Pamene gawolo linkatha n'kuti atakhala pamphasa, nsapato atavula. Amene ankaimba anali Jolinda, mtsikana wosauka amene anzake amamuseka chifukwa cha yunifolomu yazigamba, koma akangotsegula pakamwa sukulu yonse imati zii. Apongozi anapukuta misozi ndi chitenje n'kundigwira dzanja. Anati: "Mayi, Loweruka likubwerali musayambe ndisanafike."

Kuyambira tsiku limenelo sanajombepo. Kwawo ndi kutali, ola limodzi ndi theka panjinga pobwera, chimodzimodzinso pobwerera, koma amafika ndithu, kalongonda ali pakaliyala. Amamulangiza Jolinda ngati akuwamva: "Usamuyankhe ameneyo mwanawe, ndi nsanje chabe!" Nyimbo za Chizungu amaziimba ndi mawu awoawo, mapewa akugwedezeka ngati ali pa gule wa tchopa. Magawo aja atatha tinawayambanso, mpaka katatu. Agogo, ine ndi apongozi tinayamba kudyera mbale imodzi.

Nditabereka, dzina linali loti atchule akuchimuna. Apongozi anabwera ndi nkhuku ndi chitenje chatsopano, ananyamula mwana n'kunena kuti: "Uyu ndi Jolinda. Adzaimba, ndipo otiseka adzakhala chete." Tonse tinaomba m'manja. Dzinalo linalembedwa m'buku la kusikelo.

Mwezi watha Aliness anatumiza kakhadi kachiwiri, ka gawo 13 mpaka kumapeto, n'kundiimbira foni. Anati: "Achemwali, mwana uja munamulembetsa kale? Mayo ine. Yambani mwaonera nokha." Ndinaonera ndekha masana, a Laston ali kudimba. Agogo, Jolinda uja, kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike, anaba nyimbo imene anzake anapeka, n'kupita nayo kusukulu yopikisana nayo, kenaka n'kunamizira mnzake wapamtima kuti ndiye anaulula. Ndinazimitsa, sindinapitirize. Aliness akuti ku Limbe munthu akakulanda mpando mu minibasi, anthu amati "wakuchita u-Jolinda". Kunonso zayamba kufika. Pamsika pa Chiringa ndinamva bambo wina akuitana mbuzi yake yakuba chinangwa ndi dzina la mwana wanga.

Apongozi akudziwa kuti kakhadi kafika. Ndiye Loweruka zitatu zapitazi ndakhala ndikuwauza kuti batire silinadzaze chifukwa cha chiperoni. Loweruka ziwiri zoyambazo mitambo ya paphiri la Michesi inandithandiza. Loweruka lachitatulo dzuwa linaswa mtengo. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana sola padenga, kenaka ine. Anati: "Dzuwa la masiku ano ndi laulesi, eti mayi?" Sanadikire chakudya. Pokwera njinga ananena motsitsa kuti: "Ngati ndikukutopetsani, muzinena."

A Laston akuti kakhadiko tikaponye m'chimbudzi, tinene kuti katengedwa ndi makoswe. Akutinso pa ubatizo, umene uli pa 27 Julayi, tikangowanong'oneza abusa dzina lina. Akuti: "Amayi sakamva, khutu lawo lakumanzere linafa kalekale."

Sindikufuna mwana wanga adzakule akusekedwa. Sindikufunanso kutaya apongozi amene ndinavutika kuwapeza. Nditani? Ndipo ngati munaonera mpaka kumapeto, ndiuzeniko: kodi Jolinda amalapa?

B. K., Chiringa, Phalombe

Mwana wanga B. K.,

Ndaseka, undikhululukire, koma ndaseka kamodzi kokha, kenaka ndatenga pensulo.

Magawo 26 onsewo ndinaonera, kope lili pamiyendo. Jolinda ananama kasanu m'sewero lonselo, ndiye kuti pafupifupi bodza limodzi pa magawo asanu aliwonse. Iwe wanama katatu pa masabata atatu. Mutati mupikisane, chikho chipita ku Chiringa.

Tsopano tiwerengere limodzi. Ola limodzi ndi theka pobwera, ola limodzi ndi theka pobwerera, ndi maola atatu. Kuchulukitsa ndi Loweruka zitatu, ndi maola asanu ndi anayi. Mayi wachikulire wapalasa njinga maola asanu ndi anayi kudzaona kanema wozima. Munthu wofuna sewero lokha sachita zimenezo. Akauzidwa kamodzi kuti batire lafa, ulendo wachiwiri amayamba waimba foni, kapena amakhotera pamsika pomwe amaonetsa mafilimu. Komanso palibe amene amaonera magawo omwewo katatu chifukwa choti waiwala mathero ake. Apongozi akowo amabwerera mphasa imene mumakhalapo awiri. Seweroli linangowapatsa chifukwa chofikira pakhomo pako osachita manyazi ndi zimene ankakunenera kale.

Ndiye vuto lako lalikulu si dzina. Mayi ameneyu wakhala akuyanika makaka kuyambira iwe usanabadwe, dzuwa amalidziwa. Akudziwa kuti ukunama. Chimene sakudziwa ndi chifukwa chake, ndipo munthu akapanda kupatsidwa chifukwa amadzipangira yekha. Wadzipangira kale, unachimva pamene ankakwera njinga: akuganiza kuti watopa naye ndipo mwabwerera ku chaka chija cha moni wokha. Iwe ukuwateteza ku gawo 13, iwo akumva ngati ukuwathamangitsa pakhomo. Zimenezi n'zimene zikufunika kukonzedwa sabata ino.

Za dzinalo ndikuuze zimene ndinaona. Ndinaphunzitsa masamu zaka 34, ndipo mayina a ana anga ndinawasunga onse. Ndinali ndi a Chimwemwe 74, ndipo mwana wolira kuposa onse amene ndinaphunzitsapo anali mmodzi wa iwo. Ndinali ndi a Mavuto 52. Mmodzi lero ndi dokotala wa mano, anandizula dzino chaka chatha popanda vuto lililonse. Sindinaonepo dzina likuba nyimbo kapena kulemba mayeso. Mwana amatengera zimene amaona pakhomo, n'chifukwa chake nkhani ya batireyo ikundidetsa nkhawa kuposa ya Jolinda.

Za kusekedwa, usadere nkhawa kwambiri. Ndayankha makalata patsamba lino zaka khumi ndi chimodzi, ndipo masewero otentha chonchi ndawaona asanu ndi awiri. Lotchuka kwambiri anthu analilembera makalata masabata khumi ndi anayi, kenaka zii. Mwana wako adzakwanitsa zaka zoyambira sukulu pakatha masabata 299. Anzake a m'kalasi, ena sanabadwe n'komwe. Mbuzi ya pamsika ija idzakhala itadyedwa kalekale, mwina pa Khirisimasi ikubwerayi.

Chochita ndi ichi. Usadikire Loweruka. Lachitatu m'mawa bereka mwana, a Laston apalase njinga, mupite kwa apongozi. Iwo abwera kwa iwe kambirimbiri, ulendo uno njira imeneyo uyende ndiwe. Mukapatsana moni, usazungulire. Nena kuti: "Amayi, batire linali lodzaza, ndinakunamizani. Ndinaopa kuti mukhumudwa, chifukwa mtsikana uja wachita zoipa m'gawo lotsatira." Zokwanira n'zimenezo. Usawafotokozere gawo lonse, chifukwa munthu wokonda sewero angakhululukire bodza koma osati womuuziratu nkhani.

Loweruka muonere limodzi. Mwana akhale pamiyendo pawo, chifukwa munthu wonyamula khanda sangagende kanema ndi nsapato. Akayamba kumukalipira Jolinda, asiye amukalipire mpaka atope. Anamulangiza miyezi yambiri, ali ndi ufulu wokhumudwa.

Gawo likatha, ndi pamene ungatchule za dzina. Dzinalo anapereka ndi iwo, pamaso pa anthu, nkhuku ili pambali. Si lako lokha kuti ulisinthe mobisa. Uwauze mantha ako onse, za minibasi za ku Limbe ndi za mbuzi zomwe, kenaka ufunse kuti: "Dzinali munatipatsa ndinu, amayi. Mukuti titani nalo?" Akati likhale, likhale, ndi dzina lokoma m'kamwa. Akati awonjezere lachiwiri loti lizimveka kusukulu, ubatizo uli ndi malo a mayina awiri, ndipo ukafunse akusikelo mmene angalilembere m'buku. Akakhala chete, usawathamangitse ndi mafunso. Masiku alipo okwanira.

A Laston uwauze mawu anga awa. Khutu lakumanzere lafa, koma lakumanja ndi lamoyo, ndipo tchalitchi chimakhala ndi pakamwa poposa zana. Dzina lonong'onezedwa kwa abusa lidzafika kwa amayi awo asanatuluke pakhomo la tchalitchi, ndipo adzalimva kwa anthu ena, atavala chitenje chawo chabwino, anzawo akuyang'ana. Manyazi otero sapola ndi chaka chimodzi. Za makoswe n'zosathandizanso. Aliness si yekha amene ali ndi kakhadi m'dziko muno, ndipo m'zaka zanga zonse sindinamvepo za khoswe wosiya chimanga n'kusankha magawo 13 mpaka 26.

Wafunsa ngati Jolinda amalapa. Sindikuuza. Mwa anthu 17 amene andilembera atakwiya ndi gawo 13, awiri okha ndi amene anaonera gawo 14. Ena onse anazimitsa ngati iwe n'kuthamangira cholembera. Magawo amene atsala ndi khumi ndi anayi, ndiye kuti Loweruka khumi ndi zinayi za iwe ndi apongozi pamphasa imodzi, kalongonda ali pakati. Sindingakulande ngakhale limodzi.

Chenjezo langa ndi ili: apongozi akhoza kukwiya, ndipo kukwiya kwawo kudzakhala kwa bodza lija, osati kwa sewero. Mwina Loweruka limodzi sabwera. Zikatero usapeke nkhani ina yowanyengerera, ungopitanso wekha, mwana ali kumsana. Ndipo mwana wachiwiri akadzabwera, aliyense wofuna kutchula dzina ayambe waonetsa umboni woti anaonera mpaka mayina a osewera atayamba kukwera pakanema.

Kuwonkhetsa:
Maola a apongozi panjinga, kudzaona kanema wozima: 9
Maola ako panjinga, kupita kwa iwo: 0
Amene ndikufuna akhale atalembedwa pofika Lachitatu madzulo: 3
Masiku otsala kuti ubatizo ufike: 13
Mabodza ena ololedwa: 0
Anthu oyenera kumva zoona kuchokera pakamwa pako: 1

Ndine,
Agogo Rozaria Sitima
Mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito