Chingwe cha Bulaki

Lolemba, 13 Novembala

Kope ili wagula ndi mwana wanga Rute. Dokotala wa ku Boma wati ndizilemba tsiku lililonse kuti dzanja lisaume. M'kalasi ine Zondwayo Jere sindinapondemo, zilembo ndinachita kutola pa mabelo a fodya ku Kasungu. Lero cholembera chikulemera ngati mpini.

Dokotalayo dzina lake Evance, mwana wa dzulodzuloli. Anandipanitsa pepala pakati pa zala, ati gwirani adada, ndisakulandeni. Anangosolola. Ine amene ndinkagwetsa nkhunzi poigwira nyanga, kulandidwa pepala! Akuti pali mtsempha wotsika m'kati mwa mkono, n'kudzera kuseri kwa chigongono, paja pamachita dzanzi ukagunda, mpaka ku zala ziwiri zakumapeto. Wangawo unaphwanyika pamwamba pa chigongono, pomwe panadya chingwe. Anafunsa kuti zinachitika liti. Ndinati mu Juni. Anavula magalasi.

Wandipatsa kalata ya kuchipatala chachikulu cha ku Mzuzu, ati mwina mtsemphawo akaukonza, ngakhale kuchedwaku kwachepetsa mwayi. Ndamuuza kuti mvula yayandikira, nthawi yogona m'zipatala ndilibe.

Lachiwiri, 14 Novembala

Poti kope silifalitsa nkhani, ndilembe zoona. Pophunzitsa ng'ombe goli, chingwe sakulunga pamkono. Lamuloli ndaphunzitsa anthu a ku Embangweni konse kuno. Koma tsiku lija panali anthu oonerera, ndiye ndinakulunga katatu kuti aone kuti Bulaki, ng'ombe yanga yatsopano, sangandisunthe. Njinga yamoto italira pamsewu, Bulaki anadzidzimuka n'kundikhwekhwereza mpaka pachulu.

Mkonowo ndinamanga ndekha ndi timitengo ndi luzi, kumangitsa chomene, monga ndimachitira mwendo wa thole. Mkazi wanga aNyaShaba anati tiyeni kuchipatala, si patali. Ndinati kumeneko kumapita anthu opanda nzeru zawozawo. Mpaka lero sanandikumbutsepo. Bola akanandikalipira.

Lachitatu, 15 Novembala

Zala ziwirizo zapindika ngati phazi la nkhuku. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala palowa dzenje.

Lachisanu, 17 Novembala

Kunabwera mlamu wanga Wallace. Popatsana moni sanafulumire kusiya dzanja langa, analitembenuza ngati fodya wa pamsika. Ati, "Alamu, aphunzitsi a ng'ombe, mwana wasukulu wakukhozani chomene!" Kenako ati akamaliza munda wake adzandilimira. Akamaliza! Chimanga cha anzathu chili m'mawondo, ine ndiye ndizidzala? Ndinamuuza kuti yewo, zikomo, pulawo yanga ndigwira ndekha.

Atapita, Rute anati, "Adada, ine ndingagwire. Ndakula ndikukuonani." Ndinamuyankha kuti chiyambire agogo anga, m'khola la a Jere simunapondepo mkazi, ndipo siziyambira ine. Anatola ndowa n'kupita kumjigo. Chibwerere ku ukwati wake uja salankhula kawiri, watengera amake.

Loweruka, 18 Novembala

Ndimawotcha chitsulo choti ndiboolere goli. ANyaShaba anatuluka m'khitchini, ati mukuwotcha nyama osatigawirako? Poyang'ana, kachala kanga kali pachitsulo, kakupsa. Osamva kanthu. Mbwenu ndinangokayang'ana ngati ka munthu wina.

Anandimanga ndi kansalu koyera. Misozi yawo inagwera padzanja, pamwamba pomwe pakumvabe. Imeneyo ndiye ndinaimva.

Miyezi isanu chivulalire. Minibasi ya ku Boma imadutsa tsiku lililonse, ine n'kumaiimikira dzanja lomweli kupereka moni.

Lamulungu, 19 Novembala

Mvula yagwa. Yamphamvu, kuyambira tili m'tchalitchi. Anthu kusekerera, ine dzanja m'thumba la jekete.

Lolemba, 20 Novembala

M'mawa ndinalowa m'khola ndekha. Goli ndinakweza ndi phewa, linakhala. Koma mfundo ya chingwe cha pakhosi, iyayi. Kanayi konse ikumasuka, Bulaki akungobzikula n'kumandiyang'ana. Kutsidya ndikumva likhweru la Wallace, wayamba kale. Nthaka ikununkhira, yofewa, yosadikira munthu.

Rute anali ataima kunja kwa mpanda, manja kumbuyo. Ndinachotsa mitengo ya pakhomo, umodziumodzi, ndi dzanja lamanzere.

"Lowa."

"Adada?"

"Ndati lowa, kapena wagontha?"

Anavula patapata n'kulowa. Mfundo anamanga kamodzi kokha, yanga yeniyeni, sindikudziwa anaiba liti. Potuluka, ndinaona akuyamba kukulunga chingwe pamkono. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Kenako ndinangomutambasulira dzanja langali pamaso pake. Analiyang'ana nthawi yaitali, kwa nthawi yoyamba osabisa. Anamasula chingwecho n'kuchigwira m'manja.

Talima mpaka dzuwa pamutu. Iye kupulawo, ine kutsogolo kukoka ng'ombe, ntchito ya ana. Mizere itatu yoyamba yokhota ngati njira ya woledzera. Wachinayi bwinoko. Sindinamuuze.

Pobwera ndapeza aNyaShaba asita jekete langa la Lamulungu, lili pamsomali. Kalata ya ku Mzuzu ili m'thumba la pachifuwa, nsonga yake ikuonekera. Sindinaichotse. Ndangofunsa kuti minibasi ya m'mawa imanyamuka nthawi yanji.