Tsamba la mwana wa Yairo

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko. Nanga Lusik wanga, chifuwa chija chikumupeza bwanji? Ine kuno ku mzinda wa Yerevan thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba.

Agogo, buku lathu lija la Uthenga Wabwino, ndinawafikitsa kwa okonza mabuku akale. Mkulu wawo, mayi Siranush, ataona mulu wa mipango imene odwala akhala akuwakulunga nayo, anafunsa ngati tinkaopa kuti nkhalambayi igwidwa chimfine. Ine sindinaseke.

Akuti masambawo ndi zikopa za ana a ng'ombe. Golide wa zilembo zoyambirira akung'animabe, ndipo mtanda wasiliva wa pachikuto chathabwa ndi wongokhomanso. Koma nkhope ya Mateyu tinaimaliza ndi milomo yathu poipsompsona, ndipo phula la makandulo lamata masamba a Luka.

Zimenezo akuti n'zokonzeka. Vuto lili mu Maliko. Nkhani ikulekezera pamene anthu akuuza Yairo kuti mwana wake wamwalira. Tsamba limene mtsikanayo akudzuka palibe. Mayi Siranush anandionetsa podulapo, pakadali poyera, n'kundiyang'ana m'maso. Nditanena kuti mwina ndi mbewa, anati chibadwire sanaonepo mbewa yogwira lumo. Tsambalo likapanda kupezeka pofika tsiku lodalitsa mphesa kutchalitchi, adzauza akuluakulu kuti banja lathu silitha kusamala chinthu chotere, ndipo Agogo adzatsala kuno m'kabati yagalasi mpaka kalekale.

Mayi, za inu sindinaulule. Koma pilo wa Lusik ndinamuona mmene munamusokeranso ndi ulusi wofiira, sabata yomwe mwanayo anayamba kubanika. Sindikukudzudzulani. Mantha amene munali nawo ndili nawo inenso.

Pempho langa ndi limodzi. Fumulani piloyo, mutulutsemo tsambalo, muliike pakati pa timatabwa tiwiri, osalipinda, mupatse amalume a Zaven abwere nalo. Asaliike m'thumba limodzi ndi tchizi, mukuwadziwa.

Mupereke moni kwa amalumewo, azakhali a Arshaluys, ndi alamu anga onse. Lusik mumuuze amwe mankhwala a kuchipatala osatsalako.

Koma Mayi, musanagwire lumo, muyambe mwaika dzanja pamphumi pake. Ngati akutenthabe, piloyo musamukhudze. Agogo akhala zaka mazana ambiri, galasi sangalephere kulipirira. Mayi Siranush ndidzawauza kuti inalidi mbewa.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Nvard